Za Kulankhula kwa Woyang'anira Anzace pa Nchito: Mau a Mlembi pa Msonkhano wa Caka ku Malosa



Mwandipempha kuti ndikambe za umo woyang'anira nchito ayenera kulankhulira ndi anthu amene ali pansi pace. Ambiri muno tiri nao anthu otimvera: wina ndi kapitao, wina mphunzitsi wamkuru, wina ayang'anira anzace pa cipatala, wina ndi nyakwawa. Mau anga ndi awa: lamulo loperekedwa popanda kulongosola cifukwa cace, ndi popanda kuyamba wamva maganizo a iwo amene adzaligwira, silikhalitsa.

Umboni uli m'minda yathu yomwe. Kuyambira caka ca 1946 Boma la Atsamunda linaika malamulo a malimidwe, akuti munthu aliyense alime mizere yopingasa ndi kuunda milambala. Colinga cinali kusunga nthaka, ndipo ife okhala m'tsinde mwa phiri la Malosa tidziwa umo madzi a mvula akokololera minda. Koma alangizi anadza monga apolisi, ndipo wolephera anali kulipitsidwa kapena kuponyedwa m'ndende. Anthu anagwira khasu ali ndi mkwiyo, kotero kuti liu lakuti "malimidwe" linasanduka dzina la nkhanza. Dr. Banda atakhala nduna mu 1961 kukakamizako kunatha, ndipo milambala yambiri inasiyidwa.

Tsono taonani James Frederick Sangala, wobadwira ku Naisi, kufupi ndi mishoni ya Domasi. Iye anali kalaliki, wopanda mphamvu ya kulamula munthu. Mu 1943 analembera makalata mabungwe a eni dziko m'maboma osiyanasiyana, kuwapempha kuti alankhule ndi liu limodzi. Mu 1944 Nyasaland African Congress inakhazikika, ndipo mpando woyamba unapita kwa Levi Mumba wa kumpoto. Cimene faindi inalephera, kalata yaulemu inacita.

Wina asanene kuti nzeru iyi ndi yobadwa nayo. M'zaka za m'ma 1930 ngakhale mafumu anali kudza ku sukulu ya Jeanes ku Domasi kudzaphunzira za kuyendetsa anthu ao. Nafenso tiphunzire zinthu zinai.

Coyamba, yambani ndi moni. Munthu amene mwamfunsa za kunyumba, ndi kumuitana ndi dzina la pfuko lace, amva lamulo lanu monga locokera kwa munthu mnzace.

Caciwiri, nenani cifukwa ca nchito, ndipo mumpemphe abwereze m'mau ace. "Inde bwana" si umboni wakuti wamva. Kawirikawiri ndi ulemu cabe, kapena mantha. Kuno ambiri alankhula Ciyao, ndipo nkhalamba imene ibvomera zonse m'Cicewa ingakhale ndi dandaulo limene ingalitule bwino m'cinenero cace cokha. Funani womasulira wokhulupirika.

Cacitatu, dzudzulani m'seri, yamikirani poyera. Wocititsidwa manyazi pamaso pa anzace aiwala colakwa cace, nakumbukira cipongwe cokha. Masiku ano ena adzudzula ndi uthenga wa pa lamya umene gulu lonse liwerenga. Kumeneko ndi kukalipira munthu pa msika.

Cacinai, landirani madandaulo. Akuru anati mfumu ndi dzala, kumene aliyense atayako zinyalala zace. Woyang'anira amene akwiya ndi mthenga wa mau oipa, posacedwa adzangomva zokoma zokha, ndipo tsiku limene nchito idzaime iye ndiye adzakhala wotsiriza kudziwa. Mukalephera kucita cimene munthu wapempha, mubwerere kwa iye ndi yankho, cifukwa kukana kolongosoka kuposa kukhala cete.

Pomariza, ndipempha kuti aliyense wa ife amene ali ndi anthu pansi pace apatule tsiku limodzi pa mwezi lokhala nao pansi ndi kungomvetsera, ndipo pa msonkhano wa caka camawa tidzauzane zimene tinamva.