Woimira Ngongole ya Magetsi a Dzuwa

Munthu akafuna kukongola ndarama zambiri, mwini ndarama amayamba wafunsa kuti, "Kodi ukalephera kubweza, adzakuimira ndani?" Funso lomweli limafunsidwanso kwa makampani akuru.

M'caka ca 2015 madzi anacepa m'nyanja ya Kariba. Magetsi anayamba kuzimazima m'nyumba, ndipo migodi inauzidwa kucepetsa mphamvu imene inali kugwiritsa nchito. Pamenepo Boma la Zambia linaitana makampani osakhala a boma kuti adzamange malo opangira magetsi a dzuwa. Kampani ya ku France, dzina lace Neoen, pamodzi ndi First Solar ya ku America, inasankhidwa cifukwa ca mtengo wace wocepa, nimanga malo ochedwa Bangweulu kum'mwera kwa Lusaka. Malowo anatsegulidwa m'caka ca 2019, ndipo mphamvu yace ndi mamegawati 54.

Zina mwa ndarama zomangira zinakongoledwa ku IFC, nthambi ya World Bank imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1956 kuti izithandiza makampani otere. Koma wogula magetsiwo ndi mmodzi yekha, ndiye ZESCO. Nanga iyeyo akaleka kulipira, ngongole idzabwezedwa ndi ciani? Apa mpamene World Bank inalonjeza kumuimira, ndipo mitima ya okongoza inakhala pansi.

Komatu lonjezo lotere si mphatso ai. World Bank ikalipira m'malo mwa ZESCO, Boma liyenera kubweza ndaramazo, ndipo ndarama za Boma zicokera ku misonkho. Motero oimira eni eni a ngongoleyo ndiwo mwamuna wa ku mgodi ndi mai wogulitsa pa msika.