Mlendo Wodzaona Mano a Anthu a ku Linda

Lero tikamba za ophunzira a zachipatala, a kuno kwathu ndi a maiko akutali, amene amalowa m'makomboni a Lusaka kukafufuza matenda a mano. Titenge chitsanzo cha Linda, komboni ya kum'mwera kwa mzindawu, kumene anthu amalankhula Chinyanja, Chitonga, Chibemba ndi zilankhulo zina.

Ntchito imeneyi ndi yofunika. Mu 2022 bungwe la World Health Organization linanena kuti anthu pafupifupi 3.5 biliyoni pa dziko lonse ali ndi matenda a m'kamwa. Buku la bungweli lophunzitsa kafufuzidwe kake linatuluka koyamba mu 1971. Potsata bukulo, wofufuza amawerenga mano obooka, ozulidwa ndi omatidwa, makamaka mwa ana a zaka 12. Kuwerengako sikuvuta kuphunzira. Chovuta ndicho kufika pakhomo pa munthu wosakudziwa ndi kumpempha kuti ayasame. Tsono wophunzira akonzeke motani?

Choyamba, apemphe chilolezo. Lamulo la Zambia la 2013 lotchedwa National Health Research Act limafuna kuti kafukufuku wa zaumoyo ayambe wavomerezedwa, ndipo pa University of Zambia pali komiti youndika mapempho otere. Koma kalata ya boma yokha sitsegula chitseko cha munthu. Wophunzira akaonane ndi anamwino a pa kiliniki, a komiti ya zaumoyo ya m'deralo, ndiponso aphunzitsi aakulu a sukulu. Mwana asamuone m'kamwa makolo ake asanalole, ndipo wokana asamuumirize. Mlendo wolowera kuseri amabala mphekesera, ndipo mphekesera zikafala, zitseko zonse zimatsekeka.

Chachiwiri, aphunzire kafunsidwe. Akafunsa kuti, "Amayi, kodi muli ndi mswachi wa kusitolo?" ambiri adzavomera chifukwa cha manyazi. Koma akafunsa kuti, "Amayi, pakhomo pano mumatsuka mano ndi chiyani?" adzamva za kamtengo kotafuna, makala, phulusa ndi mchere. Afunsenso kumene banjalo limatunga madzi, pakuti madzi ogula pa chigubu sawagwiritsa ntchito mwachisawawa. Wina akanena kuti dzino lake likudyedwa ndi nyongolotsi, wophunzira asaseke. Ayambe walemba mawuwo monga anenedwa, kenaka afotokoze kuti tizilombo tosaoneka ndi maso timasandutsa shuga kukhala asidi, ndipo asidiyo ndiye amaboola dzino. Akulu anati safunsa anadya phula.

Chachitatu ndicho chachikulu koposa. Wophunzira adzapezadi mwana wotupa tsaya, amene wakhala masiku osagona ndi ululu. Kodi adzangolemba nambala m'buku ndi kupita khomo lina? Iyayi. Asanayambe ntchito, akhale atapangana kale ndi a kiliniki za kumene odwala otere adzatumizidwa, ndi njira yofikira ku University Teaching Hospital matenda akakula. Kafukufuku akatha, abwererenso ku Linda kukauza eni ake zimene wapeza, m'chilankhulo chimene iwo amamva.

Inunso makolo, mlendo wotere akakupezani, mfunseni dzina lake, amene wamtuma, ndi chimene adzachita ndi mayankho anu. Wokonzeka bwino adzakuyankhani mosazengereza.