Ku Dedza tisamangopitako m'bokosi

Msonkhano unayenera kuyamba 2 koloko, koma pofika 3 koloko mipando ya m'kaholo ka tchalitchi ku Rosettenville inali isanadzadze. Anthu a ku Dedza okhala ku Joni amakumana Lamulungu loyamba la mwezi, ndipo tsiku limeneli ambiri amalowa chozemba, maso pansi. Panali patangopita masabata awiri chiperekezereni mtembo wa mnyamata wa kwa Kaphuka uja, amene anagona m'mochale masabata atatu ndalama zikukanika kukwana.

Pemphero litangotha anaimirira bambo wachikulire wa ku Bembeke, amene aliyense amangowati amalume. Anafika kuno mu 1994, chaka chimene Mandela amalowa m'boma, ndipo makomiti onse a bungweli anawaona akubadwa n'kufa.

"Amayi ndi abambo, kulira tinalira kale," anayamba motero. "Ine ndaimirira kufunsa chinthu chimodzi. Buku lili kuti? Komiti yoyamba inagula matisheti, ena mwavala lero. Yachiwiri inagula mbuzi ziwiri za Khirisimasi, ine ndinalawako msuzi wokha. Yachitatu inagulira msungichuma foni kuti tizimupeza msanga, ndipo foni imeneyo ndi imene siikuyankhidwa mpaka lero."

Anthu anaseka, koma amalume sanaseke nawo. Anakumbutsa msonkhano kuti mnyamatayo sanaphonyepo mwezi osasonkha, pamene ena okhala kutsogolo amatumiza chithunzi cha risiti yakale pa WhatsApp ngati anthu sadziwa kuwerenga deti. Kumudzi, mayi ake anadyetsa anthu pasiwa masabata atatu, chimanga cha m'nkhokwe n'kutha chaka chisanafike pakati. Adzukulu anakumba manda atangomva uthenga, mvula n'kudzazamo, n'kukumbanso kachiwiri. "Mayi ameneyo anandigwira dzanja n'kundithokoza. Kundithokoza ine! Ndinasowa poyang'ana, abale anga. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo inu achimwene mukusewera ndi foni uko, bokosi lanu lidzafunanso mafuta a galimoto."

Amalume ndiwo anakwera galimoto yonyamula malirowo. Anadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kukwera mapiri a Angonia mpaka pa Calomue, n'kulowa pachipata cha Dedza kunja kukucha. Zaka zisanu ndi zinayi zinali zitapita asanapondeko kwawo. Apa mawu awo anafewa, ndipo nkhani ya buku inayamba yaiwalika.

Anavomera pamaso pa onse kuti pa boma anasochera. Pamene amadziwa kuti pali munda wa nyemba anapezapo mashopu, malo ogona alendo ndi timaofesi totumizira ndalama. Anyamata a kabaza wa njinga zamoto anawazungulira ngati njuchi, wina n'kuwafunsa ngati ndi mlendo. Si zodabwitsa. Kalembera wa 2008 anapeza anthu opitirira pang'ono 20,000 m'tauni ya Dedza, ndipo wa 2018 anapeza oposa 30,000. Nyumba za malata zikukwawa kulunjika kuphiri, ndipo zina mwa izo zamangidwa ndi ma rand a anthu omwe anakhala m'holomo.

Chimene sichinasinthe ndi mphepo. Tauniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri la Dedza limafika mamita 2,198. Amalume anakumbuka mwezi wa Juni ali mwana, akupita kusukulu opanda nsapato, udzu uli mbuu ndi chisanu, mbatata yootcha ili m'thumba la kabudula kuti izitenthetsa zala. "Anthu a kuno akamadandaula kuzizira kwa Joni ine ndimangoti pepani, simunagonepo ku Bembeke." Anati amene ali ndi miyendo akwere phirilo m'mawa, adutse m'mitengo ya paini imene yatsalako kwa ocheka matabwa, akafike pansanja za pamwamba. Kukakhala kopanda nkhungu, nyanja imaoneka uko kummawa, ndipo ukatembenuka ukuona minda ya ku Mozambique.

Manyazi achiwiri anawapeza pa Dedza Pottery, pamene anakhala kuti amwe tiyi maliro atatha. Malowa anayamba mu 1987, ndipo anthu a konkuno amaumba makapu, mbale ndi matailosi, n'kumajambulapo nsomba, mbalame ndi amayi osenza mitsuko. Alendo ochokera ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85, amapatukirapo kudzadya keke ya chizi imene inatchuka. "Inu mumatsuka makapu a madamu ku Sandton, osadziwa kuti kwanu kuli anthu oumba makapu okongola kuposa amenewo," anatero. Ali pomwepo, mzungu wina anawafunsa njira ya ku zojambula za m'mapanga a Chongoni. Mwana wa ku Dedza wa imvi zake analephera kuyankha.

M'mawa mwake anakwera kabaza mpaka ku Chentcherere, kufupi ndi sukulu ya zankhalango ya ku Chongoni. Pansi pa thanthwe lalikulu anaona zimene makolo anasiya. M'dera limeneli muli zojambula za mitundu iwiri. Zofiira, zozungulirazungulira ndi timizere, n'zakale kwambiri, za Akafula aja amene agogo amatisimbira kuti anali afupiafupi. Zoyera, za dothi loyera, n'za Achewa: zina zooneka ngati zikopa za nyama zoyala, zophunzitsira anamwali, zina za zilombo za nyau. Malo oterowo alipo 127, kuphatikizapo Namzeze ndi Mphunzi, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse. Chimene chinawapweteka amalume n'chakuti pathanthwe lomwelo ana asukulu analembapo mayina awo ndi makala. "Mzungu walipira ndege kudzaona, mwana wathu akulembapo dzina la chibwenzi."

"Amalume, mwaiwala kachewere!" anafuula mayi wina wa ku Linthipe ali kumbuyo.

Holo yonse inaphulika. Amalume anakweza manja n'kuvomera mlandu. Anasimba za ndowa za kachewere zondandalikidwa m'mbali mwa msewu wa M1 pa mphambano ya Bembeke, kabichi wamkulu ngati mutu wa nduna, tomato, nyemba, ndi kanyenya wa mbuzi pa Chimbiya, wothira tsabola mpaka misozi. Wina anatchula Box 48, sekondale ya boma ya Dedza imene inatsegulidwa mu 1951, kumene anaphunzira Bingu wa Mutharika ndi mng'ono wake Peter. Mnyamata wovala jezi anakumbutsa kuti Dedza Dynamos inalowa mu Super League, ndiye Loweruka masana pa sitediyamu pamakhala poti munthu n'kupitako.

A kwa Kachindamoto sanalole kusiyidwa. Amalume anawatsitsira pa Khwekhwerere, msewu wokhotakhota wotsikira ku Golomoti, umene umachititsa ngakhale chidakwa kukumbuka pemphero. Kumunsi kwake, kufupi ndi Mtakataka, kuli Mua, mishoni imene ansembe a White Fathers anayamba mu 1902. Kumeneko Bambo Claude Boucher, amene anthu anawapatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976, ndipo m'nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare muli nkhope za Gule Wamkulu mazanamazana, pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. "Kuchoka m'mawa utavala juzi, pofika masana uli thukuta kamukamu kumunsi. Boma limodzi, nyengo ziwiri."

Kenako anatembenukira ana amene amasewera pakhomo, akuyankhulana Chizulu. Mdzukulu wawo, anatero, akamva mawu oti Dedza amafunsa kuti wamwalira ndani. Mwanayo sanalakwe, chifukwa m'nyumba mwawo dzina limeneli limamveka foni ikalira usiku basi. "Tasanduka matchona obwerera kwawo chogona. Mnyamata uja wadutsa pansi pa phiri lake ali m'bokosi, ndipo sindikhulupirira kuti analikwerapo ali moyo."

Woyang'anira holo anali atayamba kugwedeza makiyi pakhomo, popeza mpingo wina umadikira panja, choncho zotsala zonse amalume anazithamangitsa mumpweya umodzi. Mabuku akhale awiri, la maliro ndi la ulendo wokaona kwawo ku Dedza mu Disembala. Aliyense R100 pamwezi ku buku la maliro, lisanadutse tsiku la 7. La ulendo munthu aziponya zimene angathe. Ndalama zizipita kubanki, osayinira atatu, ndipo pasakhale pachibale kapena pachilamu. Chithunzi cha risiti si ndalama. Msungichuma wakale apatsidwe mwezi umodzi, akapanda kubwera ndi buku nkhani ikafike kwa amfumu kwawo. Ofuna ulendo apereke mayina kwa mlembi lero lomwe, ayang'ane ngati mapasipoti awo ndi a ana sanathe, ndipo asaiwale majuzi chifukwa Dedza sadziwa kuti Disembala ndi dzinja lotentha.

Wapampando anafuna kufunsa ngati pali otsutsa, koma amalume anali atapisa kale dzanja m'thumba la jekete. Anatulutsa kapu ya dothi yojambulidwa chambo, imene anagula tsiku la tiyi lija, n'kuponyamo R100 yawo. Kapuyo inayenda mzere ndi mzere mpaka kwa mayi wa ku Linthipe, n'kubwerera kutsogolo itadzadza. Mlembi anakhuthulira ndalamazo patebulo n'kuziwerenga mokweza, anthu onse akuwerenga naye, ndipo atamaliza amalume anamuuza kuti ayambirenso.