Mphika wa amayi anu, mbale ya mwana wanu

  Lero kuno ku Milange tikambirane za kukhitchini.

Kodi anakuphunzitsani kuphika ndani? Palibe amene anapita kusukulu kukaphunzira kuvundula nsima. Munaonera amayi anu, iwonso anaonera amayi awo. Kuno ambiri timatsata chikamwini, choncho mtsikana akakwatiwa amaphikabe pafupi ndi amayi ake ndi agogo ake. N'chifukwa chake nyumba ziwiri zoyandikana zimaphika mosiyana. Ina yazolowera nsima ya chinangwa, ina ufa woyera. Ina masamba imatendera, ina imangothira mchere ndi soda.

Zambiri zimene makolo anatisiyira n'zoteteza moyo. Taonani kalongonda. Agogo a Chilomwe amamuwiritsa nthawi yaitali, n'kumataya madzi kangapo. Sachita izi chifukwa chokonda kutha nkhuni. Kalongonda wosapsa bwino amazunguza mutu ndi kusanzitsa.

Chinangwa chowawa nachonso chili ndi poizoni. Makolo amachisenda, kuchiviika m'madzi masiku atatu kapena kuposa mpaka chifewe, kenako kuchiyanika. Mu 1981 kunali chilala ku Nampula. Anthu anadya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira, ndipo ambiri, makamaka amayi ndi ana, anapuwala miyendo. Kupuwala kumeneku sikuchira. Njala ikafika, musafupikitse njira ya agogo.

Nsinjiro nazo musazinyoze. Nthawi ya nkhondo anthu ambiri a kuno anathawira ku Malawi. Mu 1989 ndi 1990, mtedza utasowa pa chakudya chimene othawa nkhondo ankalandira, ambiri anadwala matenda otchedwa pelagra: khungu kuda ndi kusuwa m'khosi ndi m'mikono, ndiponso kutsegula m'mimba. Chimanga pachokha sichikwanira m'thupi.

Koma si zonse zimene tinazipeza pakhomo zimene zimathandiza mwana. Nditchule zinayi.

Choyamba, soda kapena chidulo m'masamba. Amafewetsa ndiwo msanga, koma amapha mavitamini. Chisoso, bonongwe ndi nkhwani phikani ndi madzi ochepa kwa nthawi yochepa, ndipo msuzi wake musataye.

Chachiwiri, phala lamadzimadzi la ufa woyera. Kamimba ka mwana n'kakang'ono, kamadzaza ndi madzi basi. Kwa miyezi 6 yoyamba mwana ayamwe bere lokha. Akakwanitsa miyezi 6, muphikireni phala la mgaiwa lolimbako, losayenderera pa sipuni mukaipendeketsa. Thiranimo nsinjiro, nandolo wopota, usipa wosinja kapena kasipuni ka mafuta. Mbatata yofiira m'kati ili ndi vitamini A wothandiza maso. Kuyamwitsa kupitirire mpaka zaka 2 kapena kuposa.

Chachitatu, kagawidwe ka ndiwo. M'mabanja ambiri mbale ya abambo ndiyo imayamba, ana n'kudyera pamodzi zotsala. Wamng'ono amadya pang'onopang'ono, akulu ake amamutsirizira. Mupatseni mbale yakeyake, kuti muone ndi maso anu kuti wadya zochuluka bwanji. Abambo, inuyo mukanena kuti "yambani mwagawira mwanayo", palibe angatsutse.

Chachinayi, zoletsa. Ena anakula akumva kuti mwana kapena mayi woyembekezera asadye mazira. Dzira lophika bwino silivulaza mayi kapena mwana. Limamanga thupi, ndipo nkhuku zili pakhomo pomwepo.

Inu amayi achitsikana, musakauze apongozi kapena amayi anu kuti saphika bwino. Mukatero mphika sudzasintha, mudzangoyambana. Afunseni kuti kale ankatendera bwanji phala la mwana, muphike limodzi. Inu agogo, mawu anu ndi amene amamveka pakhomo. Mukavomereza dzira, mdzukulu adya dzira.

Sabata ino sankhani chinthu chimodzi chokha pa zinayizi, muyambe nacho. Mwezi ndi mwezi pitani ndi mwana kusikelo, khadi lake lili m'manja. Mukaona kuti akuwonda, watupa mapazi, kapena tsitsi likufiira ndi kuthothoka, musadikire tsiku la sikelo. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

 Phikani bwino, ana akule.