Kalilole wa Mauthenga a pa Intaneti

Lero tiphunzira m'mene akatswiri amayang'anira mauthenga oyenda pa intaneti.

Dziko la Zambia linalumikizidwa ku intaneti m'chaka cha 1994, kudzera mwa ZAMNET ya pa Yunivesite ya Zambia. Lero mlimi wa ku Chadiza angathe kutumiza ndalama pa foni kwa mwana wake wophunzira ku Chipata. Uthenga wa pa intaneti suyenda wathunthu ayi. Makina amaugawa m'timapaketi, ndipo kalikonse kamanyamula keyala ya kumene kachokera ndi ya kumene kakupita. Kawirikawiri kapaketi kamodzi sikapitirira mabaiti 1,500.

Mabungwe ambiri tsopano amabwereka malo m'makompyuta a makampani akuluakulu monga Amazon, Microsoft ndi Google, ndipo njirayi amaitcha cloud. Nanga mwini ntchito angadziwe bwanji kuti mbala yalowa m'makina amene iye sawaona ndi maso?

Taganizirani za kalaliki wa pa depoti ya chimanga. Polemba lisiti, amaika pepala la kaboni pansi pake. Mlimi amatenga lisiti lake napita kwawo osachedwa, koma linzake limatsala m'buku, kuti woyendera adzaone ngati matumba ndi ndalama zikugwirizana.

Makina nawonso amachita chimodzimodzi. Amakopera kapaketi kodutsa, nakatumiza ku kompyuta ina yofufuza, pamene kapaketi keniyeni kakupitiriza ulendo wake. Ntchitoyi imatchedwa traffic mirroring, chifukwa ifanana ndi kalilole. Kampani ya Amazon inayamba kuipereka kwa obwereka makina ake m'chaka cha 2019. Popeza zokoperazo zimadzaza njira ndiponso zimadya ndalama, katswiri amasankha mauthenga ofunika okha.

Poziwerenga, katswiriyo amapeza pamene mauthenga akuchedwera. Amazindikiranso kompyuta yachilendo imene ikugogoda pakhomo kambirimbiri, kapena kompyuta yawo ikamatumiza zinthu zambiri kunja pakati pa usiku.

Koma wotsegula buku la malisiti amaona zinsinsi za anthu. N'chifukwa chake mauthenga ambiri amatsekedwa ndi masamu, ngati kalata yomata: wofufuza amaona keyala, osati mawu a m'kati. Ndiponso m'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo ya Zambia inakhazikitsa lamulo la Data Protection Act, loteteza zinsinsi za munthu aliyense.

Komabe kumbukirani kuti kalilole ameneyu sangapulumutse munthu wouza mlendo nambala yake yachinsinsi pa foni. Mukawauze zimenezi makolo anu.

Aphunzitsi, gawani chiganizo chimodzi pa timapepala tisanu tokhala ndi manambala. Ana asanu atinyamule kupita kwa wolandira, wachisanu ndi chimodzi azikopera kalikonse m'kope lake. Kenaka bisani kapepala kamodzi, ndipo kalasi lipeze m'kopemo mawu amene asowa.

Tsalani bwino, ana inu.