Makomo a matenda ndi asilikali a m'thupi: mawu kwa anthu a kwa Mlonyeni



Matenda opatsirana amayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo kachilombo kalikonse kali ndi khomo lake lolowera m'thupi. Ka kolera kamalowera pakamwa, kudzera m'madzi kapena m'chakudya chomwe chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu wodwala. Mliri womwe unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 unafalikira m'maboma onse a dziko lino ndi kupha anthu oposa 1,700. Ka chifuwa chachikulu kamalowera m'mphuno ndi mpweya. Ka kafumbata kamalowera pabala. Ka malungo kamalowetsedwa ndi udzudzu waukazi umene umaluma usiku. Tizilomboti sitiima pachipata cha Mwami kuti tionetse chiphaso, choncho nthenda ya ku Chipata ndi ya kwa Mlonyeni ndi imodzi.

Thupi lili ndi mipanda yake. Khungu ndi mpanda woyamba. Mamina amakola tizilombo ta mumpweya, ndipo asidi wa m'mimba amapha tambiri tomwe tamezedwa. Tikapyola mipandayi, timakumana ndi maselo oyera a m'magazi, omwe ambiri amawatcha asilikali a m'thupi. Ena mwa iwo amameza kachilomboko nthawi yomweyo. Ena amakazindikira, napanga zida zolimbana ndi mtundu wokhawo wa kachilombo. Kutentha thupi ndi kutupa kwa mwanabere ndi zizindikiro zakuti ntchitoyi ili mkati. Nthenda ikatha, maselo ena amatsala akukumbukira, kotero kuti kachilombo komweko kakabweranso kamagwidwa msanga.

Vuto ndi lakuti kuphunzira kumeneku kumatenga masiku, pomwe malungo sadikira. Kachilombo ka malungo kamayamba kabisala m'chiwindi, momwe kamaswana kwa pafupifupi sabata, kenaka n'kulowa m'magazi ndi kuphwanya maselo ofiira. Munthu wamkulu amene wadwalapo malungo kambirimbiri amakhala ndi chitetezo pang'ono. Mwana wosakwana zaka zisanu sanafikepo pamenepo, ndipo chitetezo chomwe anabadwa nacho kuchokera kwa mayi ake chimatha m'miyezi yoyambirira. N'chifukwa chake malungo amamuchepetsa magazi, kumukomola, ngakhale kumupha.

Katemera amaphunzitsa thupi nthenda isanafike. Pa 23 Epulo 2019, Malawi linakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kudzera kusikelo, ndipo Mchinji inali m'gulu la maboma 11 oyambirira. Ghana ndi Kenya zinatsatira chaka chomwecho. Katemerayu amathandiza thupi kugwira kachilomboko kasanakhazikike m'chiwindi. Mwana amabayidwa kanayi: ali ndi miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Wachinayiyo ndiye amaiwalika kawirikawiri, poti mwana amakhala akuyenda ndipo amaoneka wathanzi, koma ndi amene amakumbutsa asilikali a m'thupi zomwe anayamba kuiwala.

Katemerayu sateteza kotheratu. Mwana wobayidwa azigonabe m'masikito usiku uliwonse, ndipo akatentha thupi apite naye kuchipatala tsiku lomwelo kuti akayezedwe magazi. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe kolorini, manja asambidwe ndi sopo pochokera kuchimbudzi.

M'mera mpoyamba. Kholo lililonse litsegule buku la kusikelo la mwana wake lero, ndipo ngati pali katemera amene anadumphidwa, likaonane ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwake sabata ino.