CALA CIMODZI SICISWA NSABWE: MAU KWA MAMEMBALA A CIPANI KU MKAIKA

Mafumu, nyakwawa, amai ndi abambo a nthambi za Cipani m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi!

Dziko lino la Kalonga Gawa Undi lidziwa bwino kuwawa kwa thukuta. M'masiku a atsamunda msonkho unacotsa amuna m'midzi. Ena anakhala m'mapulazi a fodya a ku Fort Jameson, ena analowera ku Harare, ena ku Migodi. Wanchito wa masiku amenewo analibe pakamwa.

M'caka ca 1935 anchito a ku Migodi ananyanyala nchito cifukwa ca kukwera kwa msonkho, ndipo anthu 6 anaomberedwa ku Luanshya. Mu 1940 ku Nkana kunafa ena 17. Mwazi unakhetsedwa, koma phindu linali locepa, popeza analibe bungwe lowalankhulira.

Zinthu zinasintha mu 1949 pamene anakhazikitsa bungwe lao, lotsogozedwa ndi Lawrence Katilungu. Mu 1952 anaika zida pansi masabata atatu mwabata, ndipo mu 1953 malipiro anakwera. Cimene mkwiyo unalephera, umodzi unacita.

Phunziro limeneli silinafike pa munda uliwonse. Wokolola thonje, wosankha fodya, woweta ng'ombe za eni ndi mtsikana wa nchito ya m'nyumba akali kupangana ndi bwana ali yekha, pakamwa cabe. Tsiku la malipiro likafika, mboni palibe.

Koma lamulo liri kumbali yao. Lamulo la nchito la 2019 linena kuti pangano la pakamwa lilembedwe, ndipo wanchito apatsidwe pepala lace. Nchito ya pa sabata ndi maola 48. Opitirira ali ndi malipiro ace. Mai wobereka ali ndi chuti ca masabata 14. Anchito a m'mapulazi ali ndi bungwe lao, la NUPAAW, ndipo wolakwiridwa ali ndi ufulu wokadandaula kwa Mkulu wa za Nchito.

Motero udindo wa wapampando wa nthambi ndi uwu: adziwe onse olembedwa nchito m'dera lace, awauze malamulo amenewa pa msonkhano, ndipo aperekeze wamantha ku Boma. Membala amene alemba anzace ganyu ayambe ndiye kulipira pa tsiku lopangana. Cipani cimene cikhala cete wosauka akudyeredwa masuku pamutu cataya mwini wace.